Vongai Saphunzira M'mawa

Gweru, 27 Januwale 1997

Mai Vongai,

Moni muroora. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Honde kumeneko, inuyo, amuna anu mlongo wanga Tawengwa, Baba atate athu, ndi ana. Kuno tili bwino.

Sindizungulira. Lamulungu kutchalitchi Mai Chikwanha, aja ali ndi mwana wokwatiwa ku Hauna, anandifunsa anthu akumva kuti, "Kodi mwana wa mlongo wanu uja wasiyiranji sukulu?" Ine amene ndaphunzitsa zaka makumi awiri ndi zitatu osadziwa n'komwe! Akuti chitsegulireni sukulu Vongai sanapondemo m'kalasi. Chaka cha Giredi 7, chaka cha mayeso!

Ngati vuto ndi yunifolomu kapena nsapato, nenani. Ngati ndi mimba, nenaninso, ngakhale kwa mwana wa zaka khumi ndi zitatu sindikufuna n'kuganiza komwe. Tawengwa sindikumulembera chifukwa ameneyo kalata ya chaka chino amayankha chaka chamawa. Ndiyankheni inu, msanga.

Ndine mlamu wanu,
Sekesai

Honde, 9 Febuluwale 1997

Tete,

Moni kwambiri, azakhali a Vongai. Tonse tili bwino. Sekuru, bambo anu, miyendo ikuwavutabe koma pakamwa ali bwino zedi. Simbai wamera mano awiri, akuluma aliyense. Bambo a Vongai akupereka moni, ali kumunda wa tiyi kuyambira m'mawa mpaka madzulo monga mwa nthawi zonse.

Mimba ayi, Tete. Mai Chikwanha akanabwera kudzafunsa ine, njira ya kwathu akuidziwa. Vongai sanasiye sukulu, wangosiya kupitako. Akuphunzira pakhomo pano. Tinamulembetsa kusukulu ya makalata ya ku Harare. Amatumiza mapepala a milungu iwiri, iye amalemba, ine ndimakaponya ku Hauna, iwo amachonga n'kubweza. Mayeso adzalembera kusukulu yake yomwe ija, aphunzitsi aakulu tinamvana nawo kale. Njira ija mukuidziwa kutalika kwake, ndipo kamlatho ka pamtsinje wa Pungwe nyengo ino kamaterera. Chifukwa chake ndi chimenecho.

Poti mwafunsa, ndipempheko dikishonale yakale ngati ilipo, ndi buku la mapu. Komanso mundiuze mmene aphunzitsi mumaligawira tsiku. Ife timayamba bwinobwino, tikamadzidzimuka dzuwa lapendeka, talemba tsamba limodzi lokha.

Ndine muroora wanu,
Mai Vongai

Gweru, 20 Febuluwale 1997

Mai Vongai,

Moni nonse. Kalata ndalandira, koma sindinakhutire nayo. Kamlatho kameneko ndinakawoloka ine, anakawoloka Tawengwa, ndipo Vongai yemweyo wakhala akukawoloka zaka zisanu ndi chimodzi. Kayamba kuterera chaka chino?

Komabe poti mwachita kale zimene mwachita, tiyeni tizichite moyenera. M'phukusimu muli dikishonale, mapu, choko, kabelu kamkuwa ndi ndandanda ya maphunziro imene ndakhala ndikuikonza masiku atatu. Muikhome pachitseko. Kudzuka ndi hafu pasiti faifi. Seveni koloko akhale atasamba, atavala yunifolomu, ataima panja kupemphera ndi kuimba nyimbo ya fuko, inde ngakhale ali yekha. Masamu aziyamba hafu pasiti seveni mutu ukadali wozizira. Phunziro lililonse mphindi makumi anayi, likatha muziimba belu. Nthawi ya phunziro mwana satumidwa madzi, sabereka mwana, sayankha odi.

Mwana amaphunzira ndi mwambo, muroora. Mukatsata zimenezi mwezi umodzi mudzandithokoza. Mundilembere mmene zikuyendera.

Sekesai

Honde, 8 Marichi 1997

Tete,

Moni. Tili bwino. Zikomo chifukwa cha phukusi, dikishonale ija Vongai sakuitula pansi. Ndandanda ndinaikhoma pachitseko monga munanenera, ndipo chitseko chikuitsata bwino kwambiri. Anthufe ndiye yatikanika.

Lolemba tinayesa. Titangotsegula buku la masamu, lole ya nthochi inaliza hutala kumsewu. Lole imeneyi, Tete, ilibe tsiku. Ikabwera wabwera nayo mwayi, ukachedwa nthochi zako zidzapsera pakhonde. Ndinasiya choko n'kuyamba kututa mikoko, mwana kumsana. Lachiwiri linali tsiku lathu la madzi a m'ngalande, ndipo ukaphonya ola lako a kumunsi sakubwezera. Lachitatu sikelo ya Simbai. Lachinayi kunali maliro kutsidya. Mukanakhala inu mukanawauza anamalira kuti pepani, tili pa Chingerezi?

Nanga kabelu kaja! Sekuru anakaona n'kunena kuti, "Aa, Sekesai wandikumbukira." Tsopano kali pambali pa mpando wawo. Akafuna tiyi, ngee. Akafuna kutembenuzidwira kudzuwa, ngee. Ndinayesa kuwalanda, anati, "Muroora, mwana wanga wanditumizira chinthu, iwe ukuchita nsanje?" Ndinangowasiyira.

Lachisanu ndi pamene panalibe chosokoneza, koma m'mawa Vongai mutu wake sugwira. Ndimamufunsa seveni kuchulukitsa ndi eyiti, amangondiyang'ana maso ali gwa, kenako wagona pakope. Masana ndiye amatha tsamba lonse ndisanamalize kutsuka mbale. Kodi masamu angaphwe tikawachita masana?

Ndine muroora wanu,
Mai Vongai

Gweru, 18 Marichi 1997

Mai Vongai,

Moni. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo sindinaseke ngakhale pamodzi.

Tsopano ndamvetsa. Mwana mwamuchotsa kusukulu kuti azikuthandizani nthochi ndi kulera. Mwana amene amatuta mikoko tsiku lonse alekerenji kuwodzera m'mawa? Vongai ndi mwana wanzeru kuposa ana onse a m'banja mwathu, kuphatikizapo anga, ndipo sindilola kuti athere kumsewu kudikira hutala.

Sukulu zikatsekera mu Epulo ndikubwera. Ngati ndidzapeze kuti ndandanda ija sikutsatidwa, Vongai ndikumutenga, adzamalizire kuno kusukulu kwanga. Ndamulembera Tawengwa payekha, ndipo Baba ndikudziwa kuti sangakane. Mwana ndi wathu tonse. Musanditenge ngati mdani, koma sindikunena zocheza.

Sekesai

Gweru, 21 Epulo 1997

Mai Vongai,

Moni. Patha milungu isanu, inu zii, Tawengwa zii. Ulendo uja ndalephera chifukwa anatiika pamsonkhano wa aphunzitsi ku Kwekwe, koma musaganize kuti nkhani yatha. Ngati mwakwiya, kwiyani papepala ndione. Kodi Baba ali bwino? Wina andiyankhe.

Sekesai

Honde, 2 Meyi 1997

Tete,

Moni. Ndine Vongai. Amayi akuti sakulemberani, bambo anga akuti alemba mawa, ndiye ndaona kuti ndilembe ndekha. Sekuru ali bwino. Sitampa andipatsa ndi iwowo.

Tete, ine ndimagwa khunyu. Zinayamba mu Seputembala chaka chatha. Ndinagwa kawiri m'kalasi. Kachiwiriko ndinadzikodzera, ndipo kuyambira tsiku limenelo benchi yanga ndinkakhalapo ndekha chifukwa akuti thovu likakukhudza nawenso uyamba. Ngakhale Rudo mnzanga uja ankadutsa patali. Mu Novembala ndinagwa pakamlatho. Anandigwira diresi ndi bambo wina wa njinga, miyendo ili kale kunja kwa matabwa. Amayi sananame za kamlatho, kungoti sananene zonse.

Kuchipatala anandipatsa mapiritsi a m'mawa ndi madzulo. Amathandiza koma amagonetsa. Nthochi sindisenza ine, Amayi sandilola n'komwe. Lole ikabwera ndimangokhala ndi Sekuru.

Kalata yanu ya mu Marichi itafika Amayi analira, kenako anati tiwaonetsa. Tinayamba kudzuka hafu pasiti faifi. Ndinkavala yunifolomu n'kuimba ndekha panja, nkhuku zikundiyang'ana. Amayi analanda kabelu kwa Sekuru, anaphonya madzi kawiri, lole inawadutsa kamodzi. Tinatha masiku khumi ndi limodzi. Tsiku lotsatira m'mawa ndinagwa kukhitchini ndikutenga madzi osamba, dzanja lamanzere linalowa pamoto. Ndinagona kuchipatala milungu iwiri. Anamwino anawakalipira Amayi kuti munthu wa matendawa samuchepetsera tulo, ndipo Amayi sanayankhe kuti ndandanda si yawo.

Dzanja likupola. Zala ziwiri zinamatirirana koma akuti azilekanitsa. Ndimalembera lamanja, ndiye palibe vuto.

Tete, ine ndatopa. Inu mukuti ku Gweru, Amayi akuti pakhomo, bambo anga akuti tiona. Palibe amene wandifunsa. Ine ndikungofuna kukhoza mayeso. Chonde mundifotokozere kugawa kwa manambala okhala ndi kadontho, Amayi akayamba kufotokoza timathera kukangana.

Mwana wanu,
Vongai

Gweru, 11 Meyi 1997

Mai Vongai,

Moni muroora. Ndalandira kalata ya mwana. Musamukalipire.

Ndakhala ndi cholembera m'manja kuyambira pobwera kutchalitchi. Ndakwiya, ndipo sindikudziwa kuti ndiyambire kukwiyira ndani. Miyezi isanu ndi itatu mwana akudwala, ine tete wake osauzidwa! Ndinakufunsani poyera mu Januwale, inu n'kundiuza za matabwa oterera. Munkaganiza kuti ndichita chiyani, ndikalengeza pawailesi? M'kalasi mwanga muli mnyamata wa matenda omwewo, amakhala kutsogolo ndipo ndi wachitatu pamayeso. Tawengwa ndiye ndidzathana naye pamaso.

Koma dzanja lija ndawotcha ndine. Ndinalemba zinthu ndisakudziwa, ndinakunenani zaukapolo, ndinakuopsezani. Pepani, Mai Vongai. Sindizolowera mawu amenewa, ndiye muwasunge, mwina simudzawaonanso.

Ndandanda ija muichotse, muyatsire moto. Za ku Gweru ndasiya. Mundiuze izi: amadzuka yekha nthawi yanji? Mutu wake umayera kuyambira liti mpaka liti? Akagwa, zimamutengera masiku angati kuti abwerere? Za kadontho ndamulembera papepala lakelake.

Sekesai

Honde, 1 Juni 1997

Tete,

Moni. Tili bwino, kuzizira kokha. Zala za Vongai anazilekanitsa, akuzipinda pang'onopang'ono.

Mukufunsa chifukwa chimene sindinanenere. Tsiku limene anagwa koyamba, azakhali anu a ku Samanga anabwera kudzazonda. Atakhala pansi anati, "Kwathu kulibe zimenezi. Muroora, kwanu kunalibe wina wotere?" Anatero ndikuwapatsa madzi osamba m'manja. Ndiye inu, ophunzira a m'banjamo, ndikanayembekezera zotani? Ndinalakwa, chabwino. Kupepesa kwanu ndakulandira, kalatayo ndaiika m'Baibulo.

Mafunso anu sindiyankha limodzilimodzi, ndingokuuzani mmene tikuchitira tsopano. Wotchi tinaisiya. Vongai amadzuka yekha, nthawi zambiri dzuwa litafika pamtengo wa mapeyala. Ine ndimakhala nditapita kale kudimba n'kubwerako. Akadya amawawerengera Sekuru mokweza, buku lililonse, Chishona kapena Chingerezi. Izi zinayamba mwangozi koma zagwira, chifukwa Sekuru salola kudumpha. Akamva mawu achilendo amati, "Imeneyo ndiye chiyani? Tsegula chibuku cha Sekesai." Dzana anakangana ola lathunthu ngati Egypt ili mu Africa. Sekuru akuti ili m'Baibulo.

Masamu timachita tikadya masana, Simbai akagona. Akagona nthawi yaitali, masamu ambiri. Akadzuka msanga, basi, tapuma. Madzulo bambo ake akaweruka amamufunsa za sayansi ndi mapu. Ndinachita kuwauza kuti mwana si wanga ndekha, ndipo ngati atopa ndi tiyi, inenso nthochi sizindisisita msana.

Pa tsiku timafuna zinthu zitatu zokha: awerenge, achite masamu, alembe tsamba limodzi. Zikatheka zitatuzo ndimathyola kamtengo n'kuponya m'chitini. Tsiku la lole, la madzi kapena la maliro timachita chimodzi, zotsalazo Loweruka. Akagwa, mawa lake kulibe sukulu, ndipo palibe wodandaula. Mwezi wathawu wagwa kamodzi.

Musaganize kuti ndi mtendere. Dzulo anandiuza kuti, "Amayi, inu mukusokoneza, Tete sanatero." Ndinati ndiye pita kwa Tete wakoyo. Anati, "Mwayambanso." Ndinatuluka kupita kudimba kukazula madhumbe osakhwima n'komwe. Koma mapepala a ku Harare abwera, masamu wapeza makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi pa zana.

Ndine muroora wanu,
Mai Vongai

Gweru, 3 Ogasiti 1997

Mai Vongai,

Moni nonse. Mapepala a Julayi amene munanditumizira ndawaona. Chingerezi chili bwino, kalembedwe kokha kakupendama ngati ka bambo ake. Za chitini ndi timitengo sizili m'buku lililonse la uphunzitsi, koma sindinenapo kanthu.

Pali chinthu chimodzi chimene tonse atatu sitinachiganizire, ndipo musandiponyere mwala. Mayeso a boma salembedwa masana. Amayamba m'mawa, ndipo sadikira kuti dzuwa lifike pamtengo wa mapeyala. Kwatsala milungu khumi. Sindikuti mumudzutse ndi belu. Pitani kwa anamwino mukawafunse ngati mapiritsi angasunthidwe, ndipo kudzukako muzikusendeza pang'onopang'ono, agone msanga. Mukalankhulenso ndi aphunzitsi aakulu za malo okhala, pafupi ndi khomo, kutali ndi ngodya za madesiki. Ndawalembera kalata, ili m'envelopu momwemu. Muiwerenge kaye, ngati simukuifuna muing'ambe.

Sekesai

Honde, 19 Okutobala 1997

Tete,

Moni. Tonse tili moyo. Pepani kuchedwa, ndimadikira kuti zithe ndikuuzeni zonse pamodzi.

Kalata yanu ya Ogasiti inandikwiyitsa masiku awiri, makamaka chifukwa munkanena zoona. Anamwino anasuntha mapiritsi kuti ambiri azimwa madzulo. Kudzuka tinkasendeza pang'ono mlungu uliwonse, masamu nawo tinawakokera m'mawa, Sekuru n'kudandaula kuti tawalanda nthawi yawo. Zonse zimene tinamanga mu Juni tinaphwasulanso. Ndinatsala pang'ono kulumphira mu Pungwe ndekha.

Masiku a mayeso ndinkamuperekeza, pakamlatho ine kumbuyo nditagwira lamba wa diresi, iye akuti, "Amayi, anthu akuona." Ndinkakhala pansi pa mtengo kuseri kwa kalasi. Aphunzitsi aakulu poyamba ankafuna kumuika yekha m'chipinda chosungira makasu, koma atawerenga kalata yanu anasintha nkhope n'kumuika pafupi ndi khomo. Sindikudziwa ngati anamva chisoni kapena mantha.

Mapepala atatu anadutsa bwino. Tsiku lomaliza, kutatsala pang'ono kuti atolere, ndinamva desiki kugwa ndi ana kukuwa. Ndinathamanga. Woyang'anira mayeso anaima pakhomo akuti, "Mayi, simuloledwa kulowa." Ndinamudutsa pansi pa mkono. Ndinapeza ana athawira kukhoma, koma Rudo atagwada, wamugoneka Vongai chammbali, juzi yake waipinda pansi pa mutu. Iye yekha sanachoke. Ndinati mwanawe wadziwa bwanji, anati, "Vongai anandiuza dzana zoti ndichite akagwa." Ine osadziwa n'komwe kuti ayambanso kulankhulana.

Atatsitsimuka ndinamufunditsa nsalu yanga m'chiuno. Ndinati tidikire anthu achoke. Anakana. Anatuluka pakati pa bwalo ana onse akuyang'ana, Rudo atamunyamulira chikwama. Titawoloka ndinamufunsa kuti pepala lija watsala mafunso angati. Anati, "Ndinali nditamaliza kale, ndimangobwereza." Kenako anafunsa ngati kunyumba kuli chakudya.

Zotsatira ndi Disembala. Koma nkhani imene yandidwalitsa mutu ndi iyi. Lachitatu tikudya anangoti, "Januwale ndikupita kusekondale ya kutsidya, ndi anzanga." Ndinati ayi. Bambo ake anati ayi, koyamba m'moyo mwawo kuyankha tsiku lomwelo. Ndinati tapeza njira yathu pano, mabuku a Fomu 1 Tete atumiza, ukufunanso chiyani? Anati, "Amayi, ndagwa pamaso pa sukulu yonse ndipo ndadzuka. Mukufuna ndizibisala mpaka liti? Ndikwatiwe ndi Sekuru?" Sekuru anaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti, "Msiyeni mwana apite, wandiwerengera zokwana."

Ndakhala masiku anayi osamulankhula bwino. Chaka chonse ndasiya madzi, ndasiya lole, ndaphunzira masamu a kadontho ndi ukalamba uno, ndipo pamene zayamba kuyenda mwini wake akuti zikomo, ndikupita. Dzulo ndinapita kukaonana ndi aphunzitsi aakulu a kusekondaleko. Avomera kuti tsiku limene wagwa ndi lotsatira lake azilembera kunyumba. Amake Rudo avomera kuti ana aziyendera limodzi. Pakamlatho ndiziwawolotsa ndine m'mawa ndi masana, afune asafune.

Ndiye mutumize masokosi oyera ndi sikete yobiriwira, m'chiuno muyese ngati mwa mwana wanu wachiwiri. Ndavomera, Tete. Musandiyamikire, ndikadali wokwiya.

Ndine muroora wanu,
Mai Vongai